Ku Mangalande nako kuli za zigawo: akukanganirana duwa

Ndisananyamuke pa Chileka, anzanga omwe timamwera limodzi tiyi ku Limbe adandilangiza zambiri za ku Mangalande. Ati ndikaona mabasi osanjikizana, ati ndikaona azungu akusesa mumsewu, ati dzuwa limalowa 9 koloko usiku. Zonsezo ndidaziona ndithu. Koma palibe ndi mmodzi yemwe adandichenjeza kuti ndikapeza akuluakulu a imvi zawo mbuu, ena oyendera ndodo, akufufumirana kamba ka duwa. Inde awerengi, duwa lomweli timaliponda popita kudimbali.

Ulendowu adandilipirira ndi achemwali anga omwe ndi namwino ku Oldham, tauni yomwe ili kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Manchester. Mukudziwa kale kuti mtolankhani wodziyendera yekha ngati ine, wolandira kangachepe nkhani ikatuluka, tikiti ya ndege amangoilota. Ndidafika kumapeto kwa Julayi 2024, nyengo yomwe eni dziko amati n'chilimwe, ngakhale ine mwana wa kwa Ngabu ndidakhalira majuzi awiri mpaka tsiku lobwerera.

Chinthu choyamba kuona ku Oldham ndi zinyumba zikuluzikulu za njerwa zofiira, zamawindo ambirimbiri, zina zili ndi machumuni otalika ngati akufuna kubaya mitambo. Awa adali mafakitale opota thonje. Panthawi ina tauniyi idali ndi mafakitale otere oposa 300 ndipo inkapota thonje lambiri kuposa tauni ina iliyonse padziko lapansi. Thonje lomaliza adalipota m'chaka cha 1998. Lero zinyumba zina adazigwetsa, zina amasungiramo katundu, zina angozisiya nkhunda zikuswerana. Ndidaima n'kumaziyang'ana kwa nthawi, poti agogo athu aamuna adapindika msana ndi ulimi wa thonje. Bungwe lomwe linkagula thonje m'chigwa cha Shire nthawi ya atsamunda, la British Cotton Growing Association, adaliyambitsa ku Manchester komweko mu 1902. Ndiye kuti thukuta la kwathu lidandiyambirira kalekale kufika kuno, popanda pasipoti ngakhale viza.

Loweruka alamu adati tikawongole miyendo kumapiri. Tidakwera galimoto n'kulunjika kum'mawa, ndipo pasanathe theka la ola njerwa zofiira zija zidatha, m'malo mwake tidayamba kuona nyumba za miyala yakuda, mipanda ya miyala yosanja popanda simenti, ndi nkhosa zili mbwee m'mapiri opanda mtengo. Dera limeneli dzina lake ndi Saddleworth, ndipo ndi midzi ingapo: Uppermill, Delph, Dobcross, Diggle, Greenfield ndi ina. Ndidaona kuti pazikwangwani, pazipupa za malo omwera, ngakhale pambendera zabuluu zomwe ena adapachika pamakomo awo, padali chithunzi cha duwa loyera la rozi. Sindidachitenge ngati kanthu. Ndimayesa ndi zokongoletsa chabe, ngati m'mene amayi amasokera maluwa pansalu ya patebulo.

Tili ku Uppermill tidalowa m'kanyumba kogulitsa tiyi. Patebulo loyandikana nalo padali bambo wina wachikulire ndi galu wake. Ine pofuna kuonetsa kuti kwathu tidaleredwa, ndidamupatsa moni n'kunena kuti Manchester ndi malo okongola zedi. Kalanga ine! Mkuluyo adaika kapu pansi, n'kundiyang'ana ngati ndatukwana maliro. Alamu adandiponda phazi kunsi kwa tebulo.

"Mnyamata," adatero mkuluyo, alamu akundithandiza kumva poti Chingelezi cha kumeneko si chimene tidaphunzira ku sekondale, "kuno ndi ku Yorkshire. Ine ndidabadwira ku Yorkshire, m'nyumba yomwe ndikukhala mpaka lero, ndipo sindidasamukepo."

Apa mpofunika ndikufotokozereni. Dziko la Mangalande adaligawa m'zigawo zomwe amazitchula kuti county. Tingoti maboma, ngati m'mene ife tilili ndi Dedza, Mzimba kapena Nsanje, kungoti awo ndi akalekale, ena malire awo ali ndi zaka pafupifupi 1,000. Oldham adali m'boma la Lancashire. Saddleworth adali m'boma la Yorkshire. Malire adali pakati pawo, ndipo ngakhale ntchito zidali zosiyana: uku amapota thonje, uko amaluka ubweya wa nkhosa. Tsono pa 1 Epulo 1974 lamulo latsopano la maboma lidayamba kugwira ntchito. Akuluakulu a ku London adajambula mapu ena, n'kupanga chigawo chatsopano chotchedwa Greater Manchester, ndipo Saddleworth adamuponya pansi pa khonsolo ya Oldham. Anthu adagona ali a ku Yorkshire, podzuka n'kumva kuti msonkho azikapereka kwa anansi awo omwe akhala akunyozana nawo chibadwire.

Papita zaka zoposa 50 koma chilonda sichidapole. Ku Saddleworth kuli gulu lotchedwa Saddleworth White Rose Society lomwe ntchito yake ndi kukumbutsa aliyense kuti khonsolo ndi khonsolo, koma kwawo ndi ku Yorkshire. Chaka chilichonse pa 1 Ogasiti anthu a ku Yorkshire amachita chikondwerero cha chigawo chawo, mwambo womwe udayamba mu 1975 ngati njira yokanira mapu atsopano aja. A ku Lancashire nawo sadafune kutsalira, ali ndi tsiku lawo pa 27 Novembala. Uku rozi woyera, uko rozi wofiira. Ife timadzinyoza kuti Amalawi tili ndi matenda ofunsana kuti kwanu n'kuti. Pitani mukamve azungu.

Maluwa awiriwa ali ndi mbiri ya magazi. Kuyambira 1455 mpaka 1485 mabanja awiri achifumu, la York ndi la Lancaster, ankaphana polimbirana mpando. Nkhondo yoopsa kwambiri idachitikira ku Towton mu 1461. Mapeto ake Richard III wa banja la York adaphedwa ku Bosworth mu 1485, ndipo Henry Tudor yemwe adapambana adakwatira Elizabeth wa ku York n'kuphatikiza maluwa awiriwa kukhala limodzi, loyera mkati, lofiira kunja. Mgwirizano wa zipani umenewo, sudayambe lero ayi.

Koma ukafufuza bwino umapeza kuti mkangano wa lerowu udamangidwa pa mchenga. York ndi Lancaster adali maina a mabanja achifumu, osati zigawo, ndipo minda ya mabanjawa idali balala m'dziko lonselo. Anthu ambiri a ku Yorkshire adamenyera nkhondo banja la Lancaster. Rozi wofiirayo panthawi ya nkhondo sankaoneka kwenikweni, adamutchukitsa ndi Henry atakhala kale pampando. Izi sizikhudza aliyense. Matimu a kiriketi a Yorkshire ndi Lancashire akakumana, masewerowo amawatchula dzina la marozi. Leeds United ili ndi rozi woyera pabaji yake, ndipo ikakumana ndi Manchester United apolisi sagona. Timu ya kiriketi ya Yorkshire inkakana wosewera wobadwira kunja kwa chigawochi kwa zaka zambirimbiri, mpaka mu 1992 pomwe idatenga mnyamata wa zaka 19 wa ku India, Sachin Tendulkar. Ngakhale mafupa a Richard III atapezeka mu 2012 pansi pa malo oimikapo magalimoto ku Leicester, nkhani idakafika kukhoti, ena akuti mfumu yathu ikagone ku York. Adaluza, ndipo adamuika ku Leicester konko mu 2015.

Madzulo a tsiku limenelo ndikufotokoza za manyazi anga, mwana wa achemwali, mtsikana wa zaka 9 wobadwira ku Oldham konko, adandiseka mpaka kugwa pampando. Kenaka adati, m'Chichewa chake chopunduka chija: "Ankolo, agogo ajanso sakudziwa. Duwa la Yorkshire si rozi."

Adathamangira kuchipinda n'kubwera ndi kope lake la kusukulu momwe adajambulamo maluwa ndi makrayoni. Mwana wa zaka 9 ndiye adandiphunzitsa nkhani yomwe ndikukulemberaniyi, ndipo zotsalazo ndidachita kufufuza ndekha.

Mu 2002, pomwe Mfumukazi Elizabeth II inkakwanitsa zaka 50 ili pampando, bungwe loteteza zomera zakutchire la Plantlife lidaitanitsa chisankho. Osati cha aphungu kapena makhansala, koma cha maluwa. Lidapempha anthu a m'boma lililonse la ku England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland, kuphatikizapo mizinda ikuluikulu, kuti asankhe duwa limodzi lakutchire loti likhale chizindikiro cha kwawo. Nzeruyi siidali yachilendo: ku America boma lililonse lili ndi duwa lake, ndipo ku Sweden adayamba zotere zaka zoposa 100 zapitazo. Anthu zikwizikwi adaponya voti ndipo zotsatira zidalengezedwa mu 2004.

Chisankho ndi chisankho basi, sichilephera kukhala ndi nthabwala zake. Duwa lotchedwa bluebell, lomwe limadzadza nkhalango zawo mu Epulo ndi Meyi, adaliletsa kupikisana nawo poti lidali litapambana kale pa kafukufuku wina wofuna duwa lokondedwa m'dziko lonselo, ndiye amaopa kuti lingasese mipando yonse. Kandideti woletsedwa chifukwa chokondedwa kwambiri, mudamvapo? Maboma ena adasankha duwa lofanana: Surrey, Worcestershire ndi Northamptonshire onse adagwa pa duwa lachikasu lotchedwa cowslip, pomwe Essex ndi Norfolk akugawana poppy wofiira wa m'minda ya tirigu. A ku Kent adasankha hop, chomera chomwe amafululira mowa, ndipo ine ndilibe nawo mlandu. Ena adasankha chinthu chomwe anzawo alibe: Somerset idatenga Cheddar pink yemwe amamera m'matanthwe a ku Cheddar, Durham idatenga kaduwa kabuluu kotchedwa spring gentian ka kumapiri a Teesdale.

Lomwe lidandikhudza ndi la London. Mzinda wa mafumu, wa minda ya maluwa yosamalidwa ndi anthu olipidwa, udasankha rosebay willowherb, chomera chachitali cha maluwa apinki chomwe chimamera pomwe papsa moto. Ndege za Germany zitaphulitsa London mu 1940 ndi 1941, chomerachi ndicho chidayamba kuphuka pamabwinja. Mpaka lero chili ponseponse m'mbali mwa njanji, ndipo ine ndidachiona pawindo la sitima tsiku lomwe ndidafika, osadziwa kuti ndikuona mbendera ya likulu la dziko.

Nanga athu a marozi aja? Apa ndiye pali nkhani. Lancashire idasunga rozi wake wofiira, ngakhale kuti rozi ameneyu si wakutchire, ndi wobzala pakhomo ndipo kwawo kwenikweni si ku Britain. Koma Yorkshire idatuluka ndi kaduwa kena kotchedwa harebell. Manchester nayo idapatsidwa lake, udzu wa m'madambo a pamwamba pa mapiri wotchedwa cotton-grass, kunena kuti udzu wa thonje. Tsono taganizani za mkulu wa galu uja. Mtima wake uli pa rozi woyera. Voti ya chigawo chomwe amachikonda idapita kwa harebell. Mapu a boma akuti iye ndi wa Greater Manchester, choncho duwa lake ndi udzu wa thonje. Mudzi umodzi, maluwa atatu.

Poyamba ndidaseka. Ndidati awa ndi mavuto a anthu okhuta, munthu wanjala sangavotere duwa. Koma nditamva chomwe chidawachititsa, kuseka kudachepa. Dziko lija mumaliona pa kanema lili lobiriwira ngati bwalo la mpira, koma kubiriwirako n'kwachinyengo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, madambo a udzu wachilengedwe momwe munkamera maluwa osiyanasiyana atha ndi 97 pa 100 alionse. Nthawi ya nkhondo yachiwiri boma lidalamula alimi kugaula malo ambiri kuti dziko lisafe ndi njala. Nkhondo itatha kudabwera mathirakitala akuluakulu, feteleza, mankhwala opha udzu ndi mbewu ya udzu wamtundu umodzi wonenepetsa ng'ombe. Kale mlimi ankadikira kuti udzu ukhwime, maluwa agwetse njere, ndiye n'kumweta. Masiku ano amamweta udakali wanthete, kawiri kapena katatu pachaka, duwa lisanabereke. Ndipo chodabwitsa kwa ife omwe timagona pamzere kulimbirana thumba la feteleza n'chakuti maluwa ambiri akutchire amadana naye fetelezayo. Nthaka ikanona, udzu wamphamvu umakula msanga n'kuwaphimba. A Plantlife adaona kuti ukauza munthu kuti zomera za dziko lonse zikutha, amangoyasamula. Koma ukamuuza kuti duwa la kwanu, la boma lako, likutha, mwina angadzuke. Adafuna kukwera pamsana pa tsankho la zigawo lomwe lija kuti apulumutse maluwa.

Ndidauza achemwali kuti sindibwerera ku Malawi ndisanawaone ndi maso maluwa awiriwa. Tsiku lomwe adapuma kuntchito tidanyamuka atatu, iwo, mwana uja ndi ine, kupita ku Dovestone, damu lalikulu lomwe lili kumtunda kwa mudzi wa Greenfield. Pansi pali anthu ambiri, ena ndi agalu, ena ndi ana m'zikuku, ena akudya ayisikirimu mphepo ikuwomba ngati ya Chiperoni. Ife tidatenga njira yokwera kupita ku damu lina laling'ono la Chew lomwe lili pamwamba penipeni.

Rozi woyera ndidamuona kambirimbiri tsiku limenelo tisanatsike n'komwe m'galimoto. Harebell tidamusaka kwa ola lathunthu. Ndidafunsa anthu angapo m'njira. Mnyamata wina wovala jezi ya Leeds adagwedeza mutu, adati sadamvepo. Banja lina lidati mwina tikafunse kogulitsa mbande. Mayi wina adati akulidziwa, ankaliona ali mwana, koma sakukumbuka kuti adaliona liti komaliza. Awa ndi anthu oti ukawauza kuti Saddleworth ndi Manchester akhoza kukumeza wamoyo.

Adatipulumutsa ndi agogo ena aakazi omwe ankatsika phirilo ndi ndodo ziwiri, nsapato zili matope okhaokha. Mwana uja atawaonetsa chithunzi cha m'kope, nkhope yawo idawala. Adatibweza pang'ono n'kutilozera pakamtunda kouma, m'munsi mwa mpanda wa miyala, pomwe tidali titadutsa kale osaona kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, adanena akuluakulu.

Abale, kaduwa kake n'kochepa ngati chala chaching'ono. Kali ngati kabelu koyang'ana pansi, mtundu wake wa thambo la m'mawa, kopyapyala ngati pepala la fodya, ndipo kalendewera pa kaphesi konga ulusi. Ndidawerenga timaluwa 14 pamalo osakwana mphasa imodzi. Mphepo ya kuphiri ija, yomwe inkandigwetsa ine munthu wamkulu, inkangotigwedeza uku ndi uku koma osathyoka. Agogowo adati kamakonda nthaka yosauka, youma, ya udzu waufupi, ndipo ukangothira feteleza basi kapita. Mu 2014 akatswiri a zomera ku England adakaika pa mndandanda wa zomera zomwe zayandikira kukhala pangozi, osati chifukwa katheratu, koma chifukwa malo omwe kamapezeka akucheperachepera.

Ine ndi chizolowezi cha kwathu ndidatambasula dzanja kuti ndizule kamodzi ndikaonetse anzanga ku Limbe. Achemwali adandimenya padzanja ngati ndikuba ndiwo mumphika. "Iwe, ufuna undichotsetse ntchito? Kuno si kwa Ngabu!" Zoonadi, lamulo lawo la 1981 limaletsa kuzula chomera chilichonse chakutchire popanda chilolezo cha mwini malo. Ndidangojambula ndi foni.

Udzu wa thonje sudativute. Titafika pamwamba, pomwe nthaka imanjenjemera ukaponda ndipo madzi akuda amatuluka m'mbali mwa nsapato, tidaupeza. Nyengo yake inali ikutha, poti umayera kwambiri mu Juni, koma timiyulu tina tidali tikadalipo, toyera mbee, tikuuluzika pamwamba pa timapesi tobiriwira. Ndidagwira kamodzi. Mwana wa mlimi wa thonje sanganamizidwe: ili si thonje. Ulusi wake ndi wosalala, wothothoka, sungapote nkomwe. Kale ankangouika m'mapilo ndi kupangira zingwe za makandulo. Ndiye onani m'mene mbiri imasekera anthu. Mzinda womwe udalemera ndi thonje la eni ake, la ku America, India, Egypt ndi kwathu kuno, pomwe pawokha sungamere ngakhale tsinde limodzi, pofuna chizindikiro udapeza thonje lake lokhalo lomwe umatha kumeretsa, lomwe silisoka ngakhale kabudula.

Komabe ndidaupatsa ulemu udzu umenewu nditamva zomwe udapirira. Pamwamba pa mapiriwa pali dothi lakuda lonyowa lomwe lidapangika ndi zomera zoola pang'onopang'ono kwa zaka zikwi zingapo, makamaka ndere zina zomwe zimasunga madzi ngati siponji. Utsi wa malasha wochokera m'machumuni a Oldham, Manchester ndi matauni ena udagwa pamapiriwa pamodzi ndi mvula kwa zaka zoposa 100, ndipo udapha ndere zija pafupifupi zonse. Udzu wa thonje ndi chimodzi mwa zomera zochepa zomwe zidatsala. Ndere zitafa dothi lidayamba kuuma ndi kukokoloka, ndipo dothi lotere likauma limayaka. Mu Juni 2018 moto udabuka m'mapiri a dera lomweli, udayaka kwa masabata, ukunyeka pansi pa nthaka, mpaka boma lidatumiza asilikali kukathandiza ozimitsa moto. Utsi udafika mumzinda wa Manchester. Masiku ano pali anthu, ambiri ongodzipereka osalipidwa, omwe amakwera kumeneko kukatseka ngalande ndi miyala ndi kubzalanso ndere zija ndi manja, kachidutswa kamodzikamodzi. Tidawaona patali atawerama mumphepo. Palibe ndi mmodzi yemwe adanyamula mbendera.

Kodi nzeru ya a Plantlife idagwira? Ine ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame, koma zomwe ndidaona ndi izi. Voti ija idalibe lamulo kumbuyo kwake. Palibe mlimi adaletsedwa kuthira feteleza chifukwa harebell wapambana chisankho. Padali patapita zaka 20 ndipo mwa anthu omwe ndidawafunsa paphiri paja, odziwa za kaduwaka adali agogo a ndodo ziwiri ndi mwana wa Amalawi. Rozi wa pachikwangwani savuta kumukonda, amangofuna penti pakapita zaka zingapo, ndipo amakupatsa munthu woti uzimunyoza. Harebell amafuna malo, amafuna mlimi alolere kukolola zochepa, ndipo sakupatsa mdani aliyense. Ifenso tikudziwa. Mkungudza wa ku Mulanje tidaulengeza kuti ndi mtengo wa fuko lathu mu 1984, koma pofika 2017 owerenga adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse lija. Komanso ndisanamize, dzina lija silidapite pachabe. Mphunzitsi wina ku Oldham adapeza poyambira phunziro, mwana adajambula m'kope, ndipo mwanayo adakokera akuluakulu awiri paphiri kukagwada pansi pa mpanda. Mu 2013 adayambitsanso ntchito yoti boma lililonse likhale ndi dambo limodzi la maluwa losungidwa, lomwe njere zake azikafesa m'malo ena. Zochepa, koma zilipo.

Tidakhala pathanthwe kuseri kwa mphepo n'kutsegula mpunga wa nyemba womwe achemwali adanyamula m'kontena. Kumunsi kunkaoneka damu, kutsogolo kwake midzi ya miyala yakuda, ndipo kutali kwambiri nyumba zitalizitali za Manchester zili zii mu nkhungu. Mwana uja adatulutsa kope lake n'kutsegula tsamba lopanda kanthu.

"Ankolo, nanga duwa la Chikwawa ndi liti?"

Ndidatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ine wolemba nkhani, wodziwa maina a nduna zonse ndi zipani zomwe adachokera, ndidapezeka kuti maluwa akutchire a kwathu omwe ndingawatchule maina sakwana zala za dzanja limodzi. Ndidati thonje, poti duwa lake limatuluka loyera m'mawa n'kusanduka lofiirira likamafota. Mwanayo adakana. Ati lobzala saloleza. Ndidati nanga a Lancashire adawalola bwanji? Ati amenewo adabera.

Kenaka ndidakumbukira dambo la Elephant Marsh m'mawa dzuwa likutuluka, madzi onse ataphimbidwa ndi masamba ozungulira ngati mbale, pamwamba pake maluwa oyera ndi abuluu atatseguka, mbalame zikuyenda pamasambapo ngati pamsewu. Ndidati basi ndapeza, lemba kakombo. Palibe duwa lokongola kuposa limenelo m'chigwa chonse cha Shire.

Achemwali adasiya kudya. Adakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana kudamu.

"Iwe udali kumbuyo kwa amayi, sungakumbuke," adatero. "Chaka chomwe ukuti azungu amavotera maluwa, 2002, ife tidali m'madzi."

Mwana uja sadamve, choncho adamufotokozera pang'onopang'ono, Chichewa chikavuta n'kumathira Chingelezi. Pansi pa kakombo, m'matope, mumakhala timizu tozungulira totchedwa nyika. Chaka cha njala, nkhokwe zikagona, anthu a kwathu amapita kudambo m'bandakucha, kulowa m'madzi ofika m'khosi, kufufuza ndi zala za kumapazi kenaka kumira kuti azule. Amaziphika, kapena kuziyanika n'kusinja kuti apeze kaufa kophikira phala. Iwo panthawiyo adali ndi zaka 13 ndipo adasiya sukulu teremu yathunthu akuchita zimenezi. M'madzi momwemo ndi momwe mumakhala ng'ona. Mayi wina wa m'mudzi mwathu, yemwe ankapita nawo limodzi, adalowa m'mawa wina ndipo kumtunda kudangotsala dengu ndi nsalu yake.

"Ndiye iwe ukuti tiike chimenecho pachikwangwani cholowera ku Chikwawa? Anthu aziti bwanji, kuti awa ndi aja amadya nyika?"

Ndidati achemwali, koma ndi chomwe chidatisunga. Popanda icho bwenzi inu mulibe yunifolomu, ine ndilibe cholembera. A ku London adasankha duwa lomera pamabwinja, sadachite nalo manyazi. Iwo adati a ku London mabomba adasiya kugwa kalekale, pomwe kwathu anthu adakalowabe m'madzi chaka chilichonse chomwe mvula yavuta kapena Shire wasefukira. Pamenepo ndidasowa choyankha, ndipo mpaka pano sitidagwirizane.

Mwana uja sadadikire kuti akuluakulu amalize. Adatenga foni ya mayi ake, kufufuza chithunzi cha kakombo, n'kuyamba kujambula atatsamira thanthwe, mphepo ikumulanda pepala. Adajambula masamba ozungulira, duwa pamwamba, ndipo kunsi adalemba Chikwawa, ataiwala w mmodzi. Achemwali adasuzumira, n'kuloza ndi supuni pakona ya tsambalo.

"Ujambulenso ng'ona apa."